Nzimbe ndi Malasha m'Thanki: Mbiri ya Petulo Wosakaniza ku Cape Town ndi ku Malawi

Mawu oyamba

Mabanja a ku Cape Town amene ali ndi galimoto amaima pa malo omwetsera mafuta pafupifupi sabata iliyonse, ndipo pakati pa anyamata amene amawathirira petulo pamapezeka Amalawi amene adapita kumeneko kukafuna ntchito. Mnyamata wotere atafunsidwa kusiyana kwa petulo amene akugulitsa ndi petulo wa kwawo, angathe kutchula mtengo, kapena mizere italiitali ya magalimoto imene adaisiya ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Komabe pali kusiyana kwina kumene maso sangakuone. Kuyambira m'chaka cha 1982, petulo wogulitsidwa m'Malawi wakhala akusakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, pamene dziko la South Africa, lomwe limalima nzimbe zochuluka kuposa dziko lina lililonse kumwera kwa Africa, lidatha zaka zambiri likulemba malamulo a kasakanizidwe kotere osawagwiritsa ntchito.

Izi n'zodabwitsa, chifukwa dziko lokhala ndi madoko, mafakitale, masukulu a ukachenjede otchuka ndi chuma chochuluka ndilo likadayenera kutsogolera. Nkhani ino ikulondola mbiri ya maiko awiriwa pofuna kuonetsa kuti chimene chimalowa m'thanki ya galimoto ya banja chimasankhidwa ndi mavuto amene dziko lakumana nawo, ndiponso ndi chuma chimene dzikolo lili nacho pafupi pamene mavutowo afika.

Mowa umene umayendetsa injini

Ethanol ndi mzimu womwewo umene umaledzeretsa mu mowa. Yisiti ikadya shuga imatulutsa ethanol, ndipo madziwo akawiritsidwa nthunzi yake n'kuziziritsidwa, pamatsala mowa waukali. Amayi otcheza kachasu m'midzi amaidziwa bwino ntchito imeneyi, ndipo dzina loti kachasu lidachokera ku mawu a Chipwitikizi otchulira mowa wa nzimbe wa ku Brazil, cachaça. Fakitale imangoonjezera pamenepo pochotsa pafupifupi madzi onse, popeza ethanol wokhala ndi madzi sasakanizika bwino ndi petulo.

M'injini, ethanol ali ndi ubwino ndi kuipa kwake. Amathandiza kuti petulo asaphulike nthawi isanakwane, vuto limene limagogodetsa injini. Koma lita imodzi ya ethanol ili ndi mphamvu yongokwana magawo awiri mwa magawo atatu a mphamvu ya lita ya petulo, choncho galimoto imamwa mafuta ochulukirapo pa mtunda womwewo. Ethanol amakokanso chinyezi, ndipo m'magalimoto akale amatha kudya timapaipi ta labala. N'chifukwa chake galimoto wamba imalandira bwino magawo 10 a ethanol pa magawo 100 aliwonse a mafuta, koma mlingo ukakwera kwambiri pamafunika injini yokonzedwa mwapadera.

Akatswiri a injini adazidziwa izi kalekale. Chimene chidatsekereza ethanol njira ndi mankhwala a mtovu amene Thomas Midgley wa kampani ya General Motors adawapeza m'chaka cha 1921. Timadontho tochepa ta mankhwalawa tinkaletsa kugogoda kwa injini pa mtengo wotsika, ndipo makampani a mafuta adawakonda ngakhale kuti mtovu ndi chiphe chimene chimaononga ubongo wa ana. Maiko a kumwera kwa chipululu cha Sahara, kuphatikizapo Malawi ndi South Africa, adasiya petulo wa mtovu pofika chaka cha 2006.

Mphesa ku Cape, nzimbe ku Natal

Dera la Cape lidadziwa kutcheza mowa kale kwambiri. Jan van Riebeeck adafinya vinyo woyamba kumeneko m'chaka cha 1659, ndipo pasanathe zaka zambiri burande adayamba kutchezedwa. Pofika chaka cha 1918, alimi a mphesa adali ndi vinyo wochuluka kuposa msika, kotero adakhazikitsa bungwe la KWV ku Paarl kuti lilamulire mitengo ndi kusandutsa vinyo wotsala kukhala mowa waukali. Koma mphesa ndi mbewu yamtengo wapatali, ndipo mowa wake phindu lake lili m'botolo. Nyengo ya ku Cape, ya mvula ya m'miyezi yozizira ndi chilimwe chouma, siyanja nzimbe. Motero mzinda umene udazunguliridwa ndi minda ya mphesa ndi tirigu udakhala ukudalira mafuta obwera pa sitima za pamadzi, ndipo kuyambira m'chaka cha 1966 mafutawo ankayengedwa pa fakitale ya Caltex ku Milnerton, yomwe masiku ano ili m'manja mwa Astron Energy.

Nzimbe zidali kutali, ku Natal, kumene kuyambira m'chaka cha 1860 atsamunda a ku Britain adabweretsa antchito ochokera ku India kudzalima minda ya shuga. Popanga shuga pamatsala manyuchi akuda otchedwa molasesi, amene mumakhalabe shuga wokwanira kufulula mowa. M'nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse, pamene petulo adasowa, ku Natal kudapangidwa mafuta a galimoto otchedwa Natalite kuchokera ku molasesi ameneyu. Kuyambira m'zaka za m'ma 1920 mpaka m'zaka za m'ma 1960, eni magalimoto a m'chigawochi ankatha kugula petulo wosakaniza ndi ethanol wa nzimbe. Choncho South Africa ndiyo idatsogola pa luso limeneli m'dera lino la Africa. Idalisiya pamene mafuta ochokera ku Middle East adatsika mtengo kwambiri moti panalibenso chifukwa chovutikira ndi molasesi.

Boma la tsankho lisankha malasha

Chipani cha National Party chitatenga boma m'chaka cha 1948, atsogoleri ake ankadziwa kuti pansi pa dziko lawo palibe mafuta, koma pali malasha ochuluka zedi. M'chaka cha 1950 adakhazikitsa kampani ya Sasol kuti izipanga petulo kuchokera ku malasha potsata njira imene Franz Fischer ndi Hans Tropsch adaipeza ku Germany m'zaka za m'ma 1920. Fakitale ya ku Sasolburg idayamba kutulutsa mafuta m'chaka cha 1955.

Kufunika kwa Sasol kudaoneka m'zaka za m'ma 1970. M'chaka cha 1973 maiko a Aluya adaleka kugulitsa mafuta ku South Africa, ndipo dzikolo lidatsamira pa Iran. Mfumu ya ku Iran itagwetsedwa m'chaka cha 1979, khomo limenelo lidatsekekanso. Boma lidayankha pomanga mafakitale awiri akuluakulu ku Secunda, amene adayamba ntchito m'zaka za 1980 ndi 1982, komanso pogula mafuta mobisa kudzera mwa amalonda ozembetsa. Omenyera ufulu ankadziwa kuti petulo ndiye mtsempha wa boma la tsankho, n'chifukwa chake asilikali a Umkhonto we Sizwe adaphulitsa mathanki a ku Sasolburg mu June 1980.

Popanga petulo kuchokera ku malasha pamatulukanso mitundu ina ya mowa, kuphatikizapo ethanol, ndipo m'zaka za m'ma 1980 mowa umenewu unkathiridwa mu petulo wogulitsidwa m'madera a kumtunda ozungulira Johannesburg. Mabanja a kumeneko adayendera petulo wosakaniza, koma wosakaniza ndi mowa wa pansi pa nthaka, umene mlimi aliyense sadapindule nawo. Motero pa nthawi imene maiko ena ankatembenukira ku minda, South Africa idakwirira chuma chake m'migodi ya malasha, ndipo padamera makampani amphamvu amene sakadakondwera kugawana thanki ya galimoto ndi alimi a nzimbe.

Malawi: dziko lopanda doko

Malawi idalandira ufulu m'chaka cha 1964 ilibe doko, ilibe fakitale yoyengera mafuta, ndipo malasha ake adali ochepa. Dontho lililonse la petulo linkadutsa m'dziko la Mozambique, pa njanji ya ku Beira kapena ya ku Nacala imene idalumikizidwa m'chaka cha 1970. Chimene dzikoli lidali nacho ndi madzi, dzuwa ndi madambo achonde. Fakitale ya shuga ya ku Nchalo, kumunsi kwa mtsinje wa Shire, idayamba ntchito m'chaka cha 1966 pansi pa kampani ya Lonrho, ndipo ya ku Dwangwa, m'boma la Nkhotakota, idatsatira kumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Mafakitale awiriwa ankatulutsa molasesi wochuluka amene kumutumiza kunja kudali kodula kuposa mtengo wake.

Pa nthawiyo chitsanzo chidalipo kale. Dziko la Brazil, litapwetekedwa ndi kukwera kwa mitengo ya mafuta m'chaka cha 1973, lidayambitsa ndondomeko ya Proálcool m'chaka cha 1975, ndipo pofika 1979 kampani ya Fiat idatulutsa galimoto yoyendera ethanol yekha. Kufupi ndi kwathu kuno, fakitale ya ethanol ya ku Triangle m'dziko la Zimbabwe idatsegulidwa m'chaka cha 1980. Malawi idatsatira m'chaka cha 1982 pamene kampani ya Ethanol Company Limited, yodziwika kuti ETHCO, idayamba kutcheza ethanol ku Dwangwa, pafupi ndi fakitale ya shuga. Akale adati ukaipa dziwa nyimbo: dziko lopanda nyanja yamchere lidaphunzira kuthira nzimbe m'thanki.

Fakitaleyi idafika pa nthawi yake. Nkhondo ya pakati pa boma la Frelimo ndi zigawenga za Renamo idakula, ndipo pofika chaka cha 1984 njanji zonse ziwiri zidali zitaduka. Katundu wa Malawi adayamba kuzungulira pa msewu kuchokera ku Durban kapena ku Dar es Salaam, mtunda wotalika kangapo kuposa wa ku Beira, ndipo mtengo wonyamulira udameza gawo lalikulu la ndalama zakunja zimene fodya ndi tiyi ankabweretsa. Chopweteka n'chakuti Renamo inkathandizidwa ndi boma la Pretoria, boma lomwelo limene Dr. Hastings Kamuzu Banda adakhazikitsa nalo ubale wa ukazembe m'chaka cha 1967, nakalichezera m'chaka cha 1971. Bwenzi limene lidabwereketsa ndalama zomangira likulu la Lilongwe ndi njanji ya ku Nacala ndilo lidapereka zida kwa anthu oononga njanjiyo. M'zaka zimenezo lita iliyonse ya ethanol wa ku Dwangwa inkatanthauza lita imodzi imene sidafunike kuyenda makilomita zikwi zingapo kudutsa m'maiko a eni.

Chosiyanitsa Malawi ndi maiko anzake n'chakuti nkhondo itatha m'chaka cha 1992, kusakaniza sikudaleke. Ku Zimbabwe ntchitoyi idaima nthawi ya chilala cha 1992 ndipo lamulo lokakamiza kusakaniza lidabwera m'chaka cha 2013. M'Malawi mlingo wakhala ukusinthasintha pakati pa magawo 10 ndi 20 pa 100 aliwonse, malinga ndi kuchuluka kwa ethanol ndi malamulo a nthawiyo, koma mwambowo udapitirira. M'chaka cha 2004 fakitale yachiwiri, ya PressCane, idayamba ntchito m'boma la Chikwawa pogwiritsa ntchito molasesi wa ku Nchalo. Gawo lalikulu la makampani onse awiriwa ndi la Press Corporation. Minda ndi mafakitale a shuga zidapita m'manja mwa Illovo, kampani ya ku Natal, m'chaka cha 1997, moti molasesi woyendetsa magalimoto a Amalawi ankatuluka m'mafakitale a kampani imene kwawo ethanol wake sankalowa m'mapampu a petulo.

Chiyembekezo cha zaka za m'ma 2000

Zaka za m'ma 2000 zidabwera ndi kukwera kwina kwa mitengo ya mafuta komanso nkhawa ya kusintha kwa nyengo. M'chaka cha 2003 kampani ya Volkswagen idatulutsa ku Brazil galimoto ya Gol yotha kumwa petulo, ethanol, kapena zosakaniza pa mlingo uliwonse, ndipo m'zaka zochepa magalimoto ambiri atsopano a m'dzikomo adali a mtundu umenewu. Boma la Malawi nalo lidayesa. Cha m'ma 2007 akatswiri a pa sukulu ya ntchito zamanja ya Lilongwe Technical College adasintha injini ya galimoto ya Mitsubishi Pajero kuti iziyendera ethanol, ndipo kuchokera ku Brazil kudabwera galimoto ya Ford yoyendera mafuta a mitundu yonse iwiri. Magalimotowa adayenda bwino m'misewu ya m'dziko muno. Chimene chidasowa ndi ethanol wokwanira. Molasesi amatuluka potsata kuchuluka kwa shuga, nzimbe zimadulidwa m'miyezi yopanda mvula yokha, ndipo ethanol yemweyo amafunidwanso ndi opanga zakumwa ndi mankhwala.

Ku South Africa chiyembekezo chidali chachikulu koposa. Alimi a chimanga a ku Free State adakonza zomanga fakitale ya ethanol ku Bothaville, ndipo ku yunivesite ya Stellenbosch, kufupi ndi Cape Town, akatswiri ankafufuza yisiti yotha kusandutsa mapesi ndi zotsalira zina za m'munda kukhala ethanol. Mu December 2007 boma lidavomereza ndondomeko yofuna kuti magawo 2 pa 100 aliwonse a mafuta a galimoto azichokera ku mbewu. Koma lidachotsa chimanga pa mndandanda wa mbewu zololedwa. Chaka chomwecho mitengo ya chakudya idali itakwera pa dziko lonse, ndipo ku Mexico anthu adachita zionetsero chifukwa cha kudula kwa chimanga pamene alimi a ku America ankachigulitsa ku mafakitale a ethanol. Boma la dziko limene anthu ake ambiri amadya nsima ya chimanga silikadafuna kuoneka likudyetsa magalimoto a anthu opeza bwino chakudya cha osauka.

M'chaka cha 2012 malamulo okakamiza kusakaniza adasindikizidwa, otchula mlingo wa pakati pa magawo 2 ndi 10, ndipo pambuyo pake tsiku loyambira lidaikidwa kukhala 1 October 2015. Tsikulo lidafika n'kudutsa popanda fakitale yaikulu yopanga ethanol wa magalimoto. Mtengo wa mafuta pa msika wa dziko lonse udali utagwa kuyambira kumapeto kwa 2014, ndipo panalibe mgwirizano wa yemwe adzalipira kusiyana kwa mtengo wa ethanol ndi wa petulo. Mafakitale amene adakonzedwa ku Bothaville ndi ku Cradock adatsalira pa mapepala. Nduna zidavomerezanso ndondomeko ina kumapeto kwa chaka cha 2019, pamene alimi a nzimbe ankadandaula ndi msonkho wa zakumwa za shuga umene udayamba mu 2018. M'zaka zonsezi mabanja a ku Khayelitsha, Mitchells Plain ndi Bellville ankathira petulo wochokera ku Milnerton kapena wobwera pa sitima, ndipo ethanol wa molasesi wa ku Durban ankapita m'mabotolo, m'mankhwala ndi kumisika yakunja.

Mtengo umene sulembedwa pa pampu

Kungakhale kulakwa kuwerenga mbiriyi ngati chipambano cha Malawi. Ethanol sadapulumutse dzikoli ku kusowa kwa mafuta, popeza magawo 80 kapena 90 otsalawo amagulidwabe ndi ndalama zakunja, ndipo dizilo woyendetsa malole, mabasi ndi zigayo alibe ethanol konse. M'zaka za 2011 ndi 2012 anthu ankagona m'mizere pa malo omwetsera mafuta, ndipo kusowa kwa mafuta kudali chimodzi mwa zifukwa za zionetsero za pa 20 July 2011, pamene anthu pafupifupi 20 adaphedwa. Mizereyo idabweranso kuyambira m'chaka cha 2022. Chimene ethanol adachita ndi kuchepetsako bala, chaka ndi chaka, kwa zaka zoposa 40.

Palinso nkhani ya malo. Nzimbe zimafuna nthaka yabwino ya m'mbali mwa madzi, yomwenso imabereka mpunga, chimanga ndi mbatata za m'dimba. Ku Dwangwa ndi ku Chikwawa kwakhala mikangano pakati pa anthu a m'midzi, mafumu ndi mabungwe a alimi a nzimbe pa minda imene idasandutsidwa ya nzimbe. M'dziko limene mabanja okhala ndi galimoto ndi ochepa kwambiri, funso la yemwe amataya dimba ndi yemwe amapindula pa pampu ndi lalikulu. Malinga ngati ethanol akuchokera ku molasesi, chotsalira cha shuga, mpikisano wake ndi chakudya ndi wochepa. Koma kuti mlingo ukwere, pangafunike minda yatsopano ya nzimbe zolimidwira mafuta, ndipo pamenepo nkhawa imene idaimitsa chimanga ku South Africa m'chaka cha 2007 ingafike pakhomo pa mlimi wa ku Chikwawa.

South Africa nayo idalipira mtengo wa njira yake. Mafakitale a ku Secunda ali m'gulu la malo otulutsa mpweya wochuluka kwambiri wotenthetsa dziko pa dziko lonse lapansi. Mafakitale awiri oyengera mafuta ku Durban adaima, ina mu 2020 ndipo ina mu 2022, zimene zidachititsa dzikolo kudalira kwambiri mafuta oyengedwa kunja. Kampani yakale ya shuga ya Tongaat Hulett idalowa m'mavuto aakulu a ngongole m'chaka cha 2022, ndipo alimi ang'onoang'ono a nzimbe a ku KwaZulu-Natal adakhala pa chiopsezo. Msika wa ethanol wa magalimoto, umene ku Brazil umapatsa mlimi wa nzimbe ogula awiri, kwa iwo sudatseguke pa nthawi imene udafunika.

Mawu omaliza

Mbiri ya petulo wosakaniza kumwera kwa Africa ikuonetsa kuti luso lokha silidakwane kusintha zimene mabanja amathira m'magalimoto awo. Natal idali nalo lusolo zaka zoposa 60 Dwangwa isanayambe, ndipo idalitaya mafuta atatsika mtengo. Boma la tsankho litatsekeredwa kunja lidathawira ku malasha chifukwa ndiwo adali pafupi. Boma la demokalase lidapeza makampani a malasha ndi a mafuta atakhazikika kale, anthu akuopa njala, ndipo madoko a Cape Town ndi Durban ali otsegukira sitima za mafuta, kotero silidakakamizike kufulumira. Malawi idalibe malasha okwanira kapena doko, idali ndi molasesi wosowa msika, ndipo njanji zake zidadulidwa ndi nkhondo ya eni. Mwambi uja woti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo, udakwaniritsidwa pa Dwangwa. Kwa ophunzira za mbiri ya chuma cha dera lino, funso lotsala ndi la minda: ngati maiko awiriwa adzafune kuthira nzimbe zambiri m'thanki, malo ake adzachokera kwa yani, ndipo phindu lake lidzagawidwa bwanji pakati pa mwini galimoto wa mu mzinda ndi mwini dimba wa kumudzi.